Boma likugula golide wa ku Makanjira, nde okumbawo akadali akuba bwanji?

Pali chinthu chimodzi pa nkhani ya golide kuno ku Mangochi chomwe chimandiwawa, ndipo ndikuona kuti tikapanda kuchikonza zina zonsezi tizingotaya nazo nthawi. Kuyambira mu Meyi 2021 Reserve Bank of Malawi, kudzera ku Export Development Fund, EDF ija, yakhala ikugula golide kwa anthu wamba okumba ndi manja. Boma lomwelo lamulo lake likuti wokumba golide opanda laisensi ndi wolakwa, apolisi atha kumugwira nthawi iliyonse, kumulanda piki, fosholo, beseni ndi kagolide komwe wavutikira sabata yonse. Nde munthu mmodzi yemweyo akafika pa sikelo ya boma ndi munthu wofunika amene akuthandiza dziko kupeza forex, akabwerera ku dzenje lake ku mtsinje wa Unga wasanduka wakuba. Abale anga izi sizoona, ndipo amene akudyerera pa chisokonezo chimenechi si wokumbayo, si boma, ndi wozembetsa uja.

Ine maganizo anga ndi akuti anthu amenewa apatsidwe mapepala, awonetsedwe malo odziwika oti azikumbapo, golide wawo azigulidwa pamtengo weniweni pafupi ndi pomwe akukumba, ndipo zikatero mpamene boma lingakhale ndi pakamwa powauza kuti ichi musachite ichi chitani. Munthu amene ukumuthamangitsa sungamuuze kuti akwirire dzenje, akangokuona patali wathawa kale, dzenje lija latsala pompo kudikira mwana kapena ng'ombe.

Amene muli kutali mwina munangomva pa wailesi. Cha m'ma 2017 kupita 2018 mbiri inawanda kuti kwa Makanjira, m'mbali mwa mtsinje wa Unga ndi m'nkhalango ya Namizimu, kuli golide, anthu anakhamukirako osati masewera, a konkuno, a ku Machinga, a ku Lilongwe, ena ochokera ku Mozambique komwe ku Niassa akhala akukumba golide kwa zaka zambiri, ena ku Tanzania mpaka ku Congo. M'nkhalango munamera misasa, ogulitsa nsima, ogulitsa mowa, akabaza, aliyense ndi geni yake. Mu 2018 asilikali a MDF analowamo nkuchotsa anthu. Kunakhala zii kwa kanthawi kenako anthu anayamba kubwerera, poyamba usiku kenako masana omwe. Ndipo sizodabwitsa, nthawi imeneyo golide kunja amagulidwa pa madola pafupifupi 1,300 pa aunsi, mu 2020 anadutsa 2,000, mu Okutobala 2025 anadutsa 4,000. Chinthu chomwe mtengo wake wakwera katatu sungachitchinge ndi mfuti ya msilikali amene abwera sabata ziwiri nkubwerera ku kampu.

Komanso tizifunsa kuti anthuwa athawa chani kumudzi. Mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula nandolo wakunja mtengo unagwa mpaka alimi ambiri kuno anangosiya matumba akufumbwa m'nyumba. Chambo chomwe chinkaphunzitsa ana a asodzi chinachepa kalekale, ku Malombe ndiye osanena. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza linadutsa K100,000. Mnyamata wa kwa Makanjira kapena kwa Lulanga akamaliza Fomu 4, olo asanamalize nkomwe, njira zomwe amaziona ndi ziwiri, kukwera basi ya ku Joni kukagona anthu asanu ndi atatu m'kachipinda kamodzi uku akuthawa apolisi a kumeneko, kapena kutenga fosholo kulowera kumtsinje. Ine sindingamunyoze amene wasankha fosholo, bola iyeyo ana ake akumuona.

Koma musaganize kuti ndikuti zonse zili bwino kumaenjeko, ayi ndithu, ndipo chifukwa chake ndikulemba ndi chakuti zinthu zikuonongeka mofulumira kuposa mmene misonkhano ya ku Lilongwe ikuyendera. Mtsinje womwe amayi ankatungako madzi akumwa pano ndi matope okhaokha chaka chonse, magombe anakumbidwa mpaka mitengo yomwe inkagwira dothi inagwera m'madzi, madimba a m'mbali anasanduka maenje. Maenje ena amakumbidwa mozama nkukhota cham'mbali opanda mtengo olo umodzi wochirikiza, mvula ikagwa dothi lafewa, anthu amakwiririka, tamva maliro otere kuno ndipo ku Kasungu nako amvekanso. Ana a sitandade 6 akusiya sukulu kukanyamula mchenga m'matumba, atsikana akutenga mimba m'misasa, zimbudzi kulibe, ndipo tonse tikukumbukira mmene kolera ya 2022 ndi 2023 inatipwetekera kuno ku Mangochi. Zonsezi zikuchitika pamalo pomwe boma limati palibe mgodi, chifukwa pa mabuku ake palibedi.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi mekyule. Amene simunamuonepo, ndi kamadzi konyezimira ngati siliva koma kolemera modabwitsa, amagulitsa m'timabotolo ting'onoting'ono. Munthu akatsuka dothi lake mu beseni, kuzunguza, kutaya matope, kuzunguzanso, pansi pamatsala mchenga wakuda wosakanikirana ndi tifumbi ta golide tosatheka kutola ndi zala. Nde amadonthezamo mekyule nkumatikita ndi dzanja lake lomwelo lopanda gulovu, mekyule uja amagwira golide yense, kenako amafinyira pa kansalu nkutsala kampira kotuwa. Kampirako amakaika pa supuni kapena pa chitini nkuika pa mbaula, mekyule amauluka golide nkutsala. Utsi wake suoneka ndipo sununkha, nde munthu amawerama pompo kuyang'anira chuma chake, pena m'nyumba chitseko chotseka poopa akuba, mwana ali kumbuyo kwa mayi ake, ndipo mbaula yomweyo madzulo aphikirapo ndiwo. Utsi umenewo umalowa m'mapapo nkupita ku ubongo ndi ku impso, sudwalitsa lero ayi, patapita zaka munthu amayamba kunjenjemera manja, kuiwalaiwala, kusagona, nkhama kutupa, ndipo kumudzi anthu adzati amulodza chifukwa cha ndalama zake zija.

Mekyule wotsala m'madzi otsukira uja ndiye amatikhudza tonse olo amene sitinagwirepo fosholo. Mitsinje yambiri yochokera m'mapiri a Namizimu imathera m'nyanja, mbali yomweyi yomwe imatipatsa nsomba zochuluka kuposa kwina konse. Mekyule akakhala m'matope a pansi pa madzi tizilombo timamusandutsa mtundu wina woopsa zedi womwe umalowa m'thupi la nsomba osatulukanso, kansomba kakang'ono kadyedwa ndi yokulirapo, yokulirapo yadyedwa ndi kampango kapena ncheni, poizoni akungowunjikana mpaka afika pa mbale. Kuphika sikumuchotsa, kuwamba sikumuchotsa. Amene amavulala kwambiri ndi mwana ali m'mimba. Ku Japan m'tauni ya asodzi yotchedwa Minamata matendawa anadziwika mu 1956, fakitale inkataira mekyule m'nyanja, anthu ankadya nsomba zawo ngati masiku onse, ana anabadwa opuwala anthu nkufa ambirimbiri, nchifukwa chake pangano la maiko lothana ndi mekyule la mu 2013, lomwe Malawi anasaina nawo, limatchedwa dzina la tauni imeneyo. A United Nations amati migodi ing'onoing'ono ya golide ndi yomwe ikutulutsa mekyule wambiri mu mpweya padziko lonse kuposa china chilichonse, kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Tangoganizani tsiku lomwe anthu ku Limbe kapena ku Lilongwe adzayambe kunena kuti nsomba za ku Mangochi musadye, kodi asodzi, amayi owamba, a malole, a maloji a m'mbali mwa nyanja adzalowera kuti? Komanso matope okha aja, osawerengera mekyule, akafika kunyanja amakwirira mchenga wa m'madzi osaya momwe chambo chimakumba zisa zake poswana.

Nde wina atha kunena kuti basi ngati zili choncho atsekeretu. Anatseka kale mu 2018, mwaona pomwe tili. Kuletsa kumangosamutsa ntchitoyi kuchoka poonekera kupita mkatikati mwa nkhalango komwe wa zaumoyo kapena wa zachilengedwe sangafike, ndipo kumakweza mtengo wa chiphuphu basi. Njira yokhayo yomwe boma lingagwirire ntchito imeneyi ndi pa sikelo, chifukwa golide yense, kaya wakumbidwa usiku kaya masana, amathera pa sikelo ya munthu wina wake. Funso ndi lakuti sikelo ya ndani.

Panopa wozembetsa akupambana, ndipo tiyeni tione bwinobwino chifukwa chake m'malo momangomutukwana. Iyeyu amafika pa dzenje penipeni pa njinga yamoto, kasikelo kake kokwana m'thumba la malaya, chikwama cha ndalama pamimba, wayeza, wawerenga, wapereka pompo, mayi wogulitsayo madzulo omwewo wagula ufa ndi sopo. Safunsa chiphaso cha unzika, safunsa akaunti ya ku banki, sanena kuti ndalama ilowa Lachisanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo munthu amene wapeza kachidutswa ka galamu sangakwere galimoto makilomita pafupifupi 100 kupita ku Mangochi boma pa msewu wa Makanjira uja, thiransipoti yokha yadya phindu lonse, nthawi ya mvula ndiye kaya ukafika liti. Komanso wogulayu amakongoza, mvula ikavuta amapereka ufa, amagula mafuta a pampu, mwana akadwala amatulutsa ya kuchipatala, pena mekyule amabweretsa ndi iye yemwe, zonsezi pa pangano loti golide ukapeza ugulitsa kwa ine pamtengo wanga. Ndi katapila ndithu, amabera pa sikelo, amanama kuti golide wako ngwakuda, koma pa tsiku la njala amene analipo ndi iyeyo.

Kenako pali nkhani ya reti, yomwe akuluakulu sakonda kuitchula. Aunsi imodzi ndi magalamu 31 ndi kanthu pang'ono, nde golide akakhala pa madola 4,000 ndiye kuti galamu imodzi ndi madola pafupifupi 128. Mukawerengera pa reti ya ku banki ya mu 2025 ya K1,750 pa dola zikukwana cha m'ma K225,000. Koma wozembetsa akakagulitsa kunja amalandira madola enieni, nkudzawasintha pa bulaki pomwe dola yakhala ikugulidwa kuwirikiza kawiri kapena kuposa, kutanthauza kuti galamu yomweyo kwa iye ndi ndalama zoposa K400,000. Atha kumupatsa wokumba mtengo wooneka wabwino iye nkutsalabe ndi phindu lalikulu. Enanso sagula golide chifukwa chofuna golideyo, ndi a mashopu omwe asowa forex ku banki, nde amasandutsa makwacha awo kukhala kanthu kokwana m'bokosi la machesi nkukasintha ku Dubai kapena ku Dar es Salaam kuti aodere katundu. Munthu wotere olo agule modula sadandaula. Choncho boma likafuna golide ameneyu lizilipira mtengo wolimbana ndi wa pa bulaki, tsiku lililonse, mtengo wake uzilengezedwa pa wailesi ndi pa foni m'mawa uliwonse, lizilipira pompopompo kaya ndi kashi kaya Mpamba kaya Airtel Money, ndipo sikelo ikhale kwa Makanjira konko chaka chonse osati yobwera mwa apo ndi apo. Likhale ndi makina oyezera kuyera kwa golide mwiniwake akuona, chifukwa apa mpomwe wozembetsa sangapikisane nalo, iye amadyera pa kusadziwa kwa anthu. Ena ati boma liluza likagula modula. Likulipira makwacha omwe lili nawo nkupeza chinthu chomwe chili ngati madola omwe lilibe, pomwe tikugona pa mizere ya mafuta ndipo m'zipatala mulibe mankhwala chifukwa cha forex yomweyo.

Mu Okutobala 2025 Pulezidenti Peter Mutharika analamula kuti miyala yosakonzedwa isamatuluke m'dziko muno. Cholinga ndi chabwino, ndipo kwa miyala yonyamula pa thiraki lamulo lotere limagwira pa boda. Koma golide wa mamiliyoni amakwana mu sokosi, ndipo kuchokera kwa Makanjira kulowa mu Mozambique sipafunika kudzera pa Chiponde, tinjira ta m'tchire tilipo tambirimbiri ndipo mbali zonse ziwiri ndi anthu amodzi, achibale, chiyankhulo chimodzi. Golide amabwezedwa ndi mtengo osati ndi geti.

Anzathu a ku Tanzania anazindikira izi. Mu Malichi 2019 anatsegula msika wa golide ku Geita kenako misika ina m'zigawo zonse, anachotsa misonkho ina yomwe inkathawitsa okumba ang'onoang'ono, ndipo pamsikapo pamakhala ogula angapo a malaisensi akupikisana, wa boma ali pompo kuyeza ndi kutenga gawo la boma. Ku Zimbabwe kampani ya boma ya Fidelity imalipira okumba ang'onoang'ono ndi madola, ndipo zaka zambiri tsopano golide woposa theka amene amafika kumeneko amachokera kwa anthu a mapiki ndi mafosholo omwewa osati ku makampani akuluakulu. Sindikuti kumeneko kulibe mavuto, kuzembetsa kulipobe, koma zikuonetsa kuti anthuwa akawatsegulira khomo amalowa.

Tsopano mapepala. Lamulo la migodi la 1981 linasinthidwa mu 2019, nkusinthidwanso mu 2023 pomwe anakhazikitsa bungwe loyang'anira migodi la Mining and Minerals Regulatory Authority, ndipo ndondomeko ya migodi ing'onoing'ono inatuluka mu 2018. Pa pepala zilipo zonse, laisensi ya mgodi waung'ono ndi ya Amalawi okha, wogula golide amayenera kukhala ndi laisensi yakeyake. Koma tayesani kuganiza mayi wa kwa Makanjira amene sanapite patali ndi sukulu, Chingerezi sachidziwa, Chichewa chomwe amayankhula mwa apo ndi apo chifukwa chake ndi Chiyao, akuuzidwa kuti alembe mafomu, apeze manambala a GPS a malo ake, akhale ndi mapepala a zachilengedwe ovomerezedwa ndi bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA, alipire, kenako azilondola ku Lilongwe. Ndani angakwanitse? Amene amakwanitsa ndi bwana wa m'tauni wa galimoto yake amene sanagwirepo fosholo, amatenga laisensi pa malo omwe anthu akukumba kale nkubwera ndi pepala kuti nonsenu muli pamalo panga, muzigulitsa kwa ine. Khonsolo imatha kupereka chilolezo kwa okumba mchenga ndi miyala yomangira, nanga chovuta nchani kuti kalembera woyamba wa okumba golide azichitikira pa khonsolo pomwepa, mwinanso ma ofisala azipita konko ndi kabuku ndi kamera, munthu aonetse chiphaso cha unzika, alipire kandalama kochepa, alandire khadi yake? Kalembera wa mavoti amafika mpaka kumudzi kwenikweni, uyunso atha kufika.

Za makopaletivi ndikugwirizana nazo koma ndi diso limodzi lotsegula. Boma limakonda kunena kuti pangani magulu tikupatseni laisensi, chabwino, gulu limatha kugula pampu, limatha kukongola ku banki. Koma taona magulu ena omwe tcheyamani ndi mlembi ndi anthu a ndale kapena achibale a mfumu, okumba enieni ndi maina chabe pa pepala. Ndipo amene amatsalira kunja nthawi zonse ndi amayi, omwe ndi amene amakhala m'madzi mpaka m'mawondo kuyambira m'mawa, msana wowerama, kutsuka zotsalira zomwe amuna ataya. Khadi ikhale ya munthu payekha, gulu libwere pamwamba pake, ndipo mayi wa beseni limodzi akhale ndi ufulu wofika pa sikelo ya boma ndi kachidutswa kake osadzera kwa tcheyamani.

Malo nawonso adziwike. Boma linaulutsa ndege dziko lonse pa kafukufuku uja tinkamutcha Kauniuni, zotsatira zake zinatuluka mu 2015, ndipo akatswiri a miyala ali pa Zomba pompa ku Geological Survey. Zomwe akudziwazo zisamangopita kwa makampani akunja okha. Abwere adzayeze, anene kuti apa pali golide wokwanira, apa mukungoononga munda pachabe, chifukwa maenje ambiri omwe aononga minda anakumbidwa mongoganizira, wina wapeza pang'ono apa ndiye anthu 200 akumba mozungulira osapeza kanthu. Akatero adule malo, aike zikhomo, awa ndi a okumba ang'onoang'ono ndipo kampani isadzapatsidwe laisensi pamwamba pawo. Nkhalango ya Namizimu ikhale kunja kwa zikhomozo, m'kati mwa mtsinje ndi magombe ake chimodzimodzi, pamenepo ine sindinyengerera, mitsinje yathu imachokera m'mapiri amenewo ndipo namondwe wa Freddy mu 2023 anationetsa chomwe phiri lopanda mitengo limachita. Koma kuuza munthu kuti choka m'nkhalango kumamveka ukamuonetsa kwina koti apite.

Ndipo apa mpomwe khadi ija imayamba kugwira ntchito. Amene ali ndi khadi, ali ndi malo ake otsimikizika, akugulitsa pamtengo wabwino, ali ndi chinthu choti angataye, nde ukamuuza kuti ukapezeka ndi mwana wa sukulu pa dzenje khadi tilanda, amva. Dothi lizitsukidwa pamalo amodzi kutali ndi mtsinje, pokhala maiwe awiri atatu oti matope azikhazikika madzi nkugwiritsidwanso ntchito. Golide wambiri wa m'mitsinje safuna nkomwe mekyule, ngalande yathabwa yoyala kapeti kapena chiguduli imagwira golide bwinobwino munthu akaphunzitsidwa kapendekedwe kake ndi kuchuluka kwa madzi, maginito amachotsa mchenga wakuda uja, chotsalacho nkusungunula ndi mankhwala otchedwa borax ngati mmene okumba a ku Benguet ku Philippines akhala akuchitira kwa zaka zambiri. Kwa amene sanasiyebe mekyule kuli kachipangizo kotchedwa retort komwe owotcherera zitsulo athu pa Mangochi pano atha kupanga ndi mapaipi, kamagwira utsi uja nkuubweza kukhala mekyule wamadzimadzi m'malo mopita m'mapapo. Pa galamu iliyonse yogulitsidwa pazidulidwa kandalama kosungidwa m'dzina la gululo, akakwirira maenje nkubzala mitengo azibwezeredwa, akapanda kutero ndalamayo ilipire ena oti akwirire. Ndipo sikelo ya boma iziwonjezera kanthu pa golide wochokera pamalo osagwiritsa mekyule, muone ngati anthu sasintha okha.

Oyang'anira asakhale ochokera ku Lilongwe okha obwera kamodzi pachaka ndi ma alawansi. Kuno tili kale ndi chitsanzo kunyanja, makomiti a m'madoko aja, ma BVC, omwe anayambira ku Malombe m'zaka za m'ma 1990, asodzi eni ake kugwirizana za maukonde oletsedwa ndi nthawi yotseka nyanja. Sanayende bwino paliponse, pomwe mfumu inkalandira nsomba kwa ophwanya lamulo zinafa, koma pomwe anthu anagwirana manja zinagwira. Kumigodi kukhalenso makomiti otere, okumba, amayi, eni minda, mfumu, shehe ndi abusa, chifukwa kuno mawu onenedwa ku mzikiti Lachisanu amafika patali kuposa kalata ya kwa DC. Mafumu athu ndimawalemekeza, koma ena mwa iwo agulitsa madimba a anthu awo kwa alendo pa ndalama yosakwana nkomwe njinga yamoto, ndipo zimenezi zitheka kuletsedwa pokhapokha ndalama yolowa pa malo ikamalembedwa poyera.

Pali chenjezo lomwe sindikufuna kulibisa chifukwa otsutsa maganizo angawa ali ndi mfundo. Ku Ghana anavomereza migodi ing'onoing'ono mu 1989, kale kwambiri, koma lero mitsinje ngati Pra ndi Ankobra ndi phala la matope mpaka a zamadzi amalephera kuyeretsa madzi akumwa. Chinachitika nchakuti anthu a ndalama, ena a ndale ena akunja, anabisala kumbuyo kwa malaisensi a anthu wamba nkulowetsa makatapila ndi makina okumba m'kati mwa mitsinje. Chomwe anthu 100 a mafosholo angaononge pa chaka katapila mmodzi amachita pa sabata. Nde lamulo lathu linene mosapita m'mbali kuti pa malo a okumba ang'onoang'ono makina okumbira akuluakulu ayi, kuzama kwa dzenje kukhale ndi malire, ndipo laisensi ikapezeka kuti mwini wake weniweni ndi mlendo wobisala kumbuyo kwa Mmalawi ilandidwe. Asilikali ndi apolisi ngati akufuna ntchito ndi imeneyi, alondole mwini makina okumbira akuluakulu, alondole wobweretsa mekyule, alondole wogula wopanda laisensi amene akunyamula makilogalamu. Kuthamangitsa mayi wa beseni nkumusiya bwana amene akumugula kuhotela ndi kupanda chilungamo, ndipo anthu kumudzi amaziona.

Ena amati mukavomereza ndiye aliyense asiya khasu athamangira kumgodi. Amene akufuna kupita anapita kale, sanadikire chilolezo cha munthu. Chomwe chingasinthe ndi chakuti tidzadziwa kuti alipo angati, ali pati, akupeza zingati, ndipo nthawi ya dzinja pomwe maenje amagumuka komiti itha kutseka ngati mmene nyanja imatsekedwera, anthu nkubwerera kumunda miyezi yomwe kumunda kukufunika manja.

Chinanso, gawo la ndalama yomwe boma limadula pa golide lizitsala kuno mooneka ndi maso. Anthu a kwa Makanjira akhala akulonjezedwa msewu wa tara kampeni iliyonse kuyambira ndili mwana, mayi woyembekezera zikamuvuta ulendo wopita ku chipatala chachikulu pa boma ndi wa maola ambiri, nde mukawauza kuti gulitsani golide ku boma kuti dziko litukuke amafunsa kuti dziko lake liti. Aphungu athu ndi makhansala a mbali imeneyo, nkhani yoti mukaimirire nayo ndi iyi, kuti peresenti yodziwika ya golide wogulidwa ku Mangochi izibwera ku khonsolo ndipo izilembedwa pa bolodi pamsika kuti mwezi uno tagula magalamu akuti, yatsala kuno ndi yakuti, yapita ku mjigo wakuti kapena buloko ya sukulu yakuti. Ndipo musadikire kuti Lilongwe iyambe, khonsolo itha kuitana mafumu, a EDF, a migodi, a nkhalango ndi okumbawo pa bwalo limodzi kwa Makanjira konko mvula isanayambe, nkuyamba ndi kulemba maina ndi kuyenda wapansi kuwerenga maenje omwe ali pafupi ndi midzi ndi njira za ana a sukulu kuti amenewo akwiriridwe msanga.